Kope Lolimba ndi Gawo la Luso la Mlembi

Nkhani yabwino sibadwa yokhwima. Ndime imene owerenga amaikonda m'buku nthawi zambiri inalembedwa kangapo: mawu ena kukhwatchidwa, ena kuwonjezedwa m'mphepete, chiganizo chomaliza kusamutsidwa n'kukhala choyamba. Kwa amene amalemba pamanja, ntchito yonseyi imachitikira m'kope, ndipo imatenga miyezi, pena zaka. Kope lothothoka masamba nkhani ili pakati limataya zonse zimene mlembi akanabwererako pokonza.

Mu 1951, John Steinbeck analemba East of Eden ndi pensulo m'kope lalikulu limene anapatsidwa ndi mkonzi wake, Pascal Covici. Tsamba lakumanzere ankalembapo kalata kwa mkonziyo, kufotokoza nkhawa zake ndi zimene akufuna kuchita tsikulo; lakumanja ankalembapo nkhani yeniyeniyo. Makalatawo anasindikizidwa mu 1969 m'buku la Journal of a Novel, mwini wake atamwalira kale. Kalembedwe kameneka ndi kothandiza kwa aliyense: tsamba limodzi la nkhani, linzake la mafunso ndi zokonza. Koma kamafuna kope lotseguka bwino, logona chathyathyathya patebulo, lopirira kutsegulidwa tsiku ndi tsiku.

Choncho choyamba kuona ndi msana wa kope. Litseguleni pakati. Mukaona ulusi, masambawo ndi osokedwa, ndipo limenelo ndiye lokhalitsa. Lomatidwa ndi guluu yekha limathyoka msana guluuyo akauma, masamba n'kuyamba kugwa limodzilimodzi. Lomangidwa ndi timawaya, ngati makope akusukulu, limachita dzimbiri nyengo ya dzinja, dzimbirilo n'kudya pepala mpaka masamba apakati kuchoka. La waya wopota limapindika bwino, koma timabowo take timang'ambika msanga m'chikwama.

Chachiwiri ndi pepala. Makope a Leonardo da Vinci, amene anamwalira mu 1519, akuwerengekabe lero chifukwa pepala la nthawi yake linkapangidwa ndi nsanza za nsalu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1800, mapepala ambiri anayamba kupangidwa ndi mitengo yopera, ndipo otchipa amakhala ndi asidi amene amawasandutsa achikasu ndi othetheka. Nyuzipepala yosiyidwa padzuwa imaonetsa zimenezi pa masiku ochepa. Mukapeza kope lolembedwa kuti acid-free, kapena lotchula muyeso wa ISO 9706 wa mu 1994, litengeni. Kukhuthala nakonso n'kofunika. Pepala la 80 gsm kapena kuposa limalola kulemba mbali zonse ziwiri. Lopyapyala limatulutsa inki kuseri, ndipo limabooka mukafufuta kawiri.

Cholembera chiyenderane ndi kopelo. Inki ya mabolopeni ambiri imasuluka padzuwa, ya mapeni ena imayenderera ikanyowa. Pensulo sisuluka ngakhale papite zaka, kungoti imafufutika masamba akamakhudzana. Ndipo kope labwino likaikidwa m'katoni pansi, pafupi ndi khoma lachinyezi, chiswe ndi mphemvu sizifunsa mtengo wake. Lisungeni pamwamba, pouma.

Wina anena kuti luso silidalira kope, ndipo sanama. Ngũgĩ wa Thiong'o analemba Caitaani Mũtharaba-inĩ pa mapepala akuchimbudzi ali m'ndende ya Kamiti mu 1978. Koma kumeneko kunali kusowa pogwira, ndipo amene ali pa ufulu alibe chifukwa choikira ntchito yake pachiswe chotero. Kumbali ina kuli msampha wa kukongola. Makope a Moleskine, amene anayamba kugulitsidwa ku Milan mu 1997, ndi osokedwa bwino, koma kope lodula limachititsa dzanja mantha: munthu amaopa kukhwatcha, n'kumalemba ziganizo zaulemu zopanda moyo. Zolemba zoyamba zimafuna malo amene mlembi angadetse mosaumira.

Ine ndimaika patsogolo hadikava wamba, yemwe uja amalembamo ngongole m'magolosale ndi mayina m'mipingo, bola akhale wosokedwa ndi ulusi komanso wa pepala lokhuthala. Lembani manambala a masamba, ikani deti pamene mwayambira tsiku lililonse, siyani tsamba lakumanzere kuti likhale la zokonza, ndipo musang'ambe tsamba ngakhale litakunyansani. Ndime imene mwaikana lero ikhoza kudzapulumutsa mutu wonse chaka chamawa.