Luso la ma function opanda dzina mu JavaScript

Function yopanda dzina ndi kagulu ka malangizo kamene kamalembedwa pamalo pomwe kakufunika, osapatsidwa dzina loti kadzaitanidwe nalo kwina. Maganizo amenewa anachokera ku lambda calculus, masamu amene Alonzo Church anayambitsa m'zaka za m'ma 1930, ndipo anakhazikika mu JavaScript, chilankhulo chimene Brendan Eich anapanga ku Netscape mu 1995.

Phindu lake limaoneka msanga pa tsamba la pa intaneti. Wolemba pulogalamu akafuna kuti batani lichite kanthu likadinidwa, amangopereka function yotere kwa addEventListener, iyo n'kumadikira mpaka wina adine. Kuyambira 2015, pamene mtundu wa JavaScript wotchedwa ECMAScript 6 unabweretsa kalembedwe ka muvi, kusanja manambala kuyambira laling'ono kumatheka ndi mzere umodzi: manambala.sort((a, b) => a - b). Wowerenga amaona lamulo losanjira pomwepo, osakalisaka m'munsi mwa fayilo.

Chosiririka kwambiri ndi closure. Function yolembedwa mkati mwa ina imakumbukirabe ma variable a pamalo pomwe inabadwira, ngakhale inayo itamaliza kale ntchito yake. Motero nambala yowerengera ikhoza kusungika mobisika, mbali zina za pulogalamu osaikhudza. Chilankhulo cha PHP chinalandira luso limeneli mu 2009, koma kumeneko ma variablewo ankayenera kutchulidwa ndi mawu akuti use.

Katswiri amadziwanso polekera. Function yoperekedwa osaisunga paliponse singachotsedwe ndi removeEventListener, ndipo pulogalamu ikalakwika, uthenga wa vutolo umangoti anonymous. Function yotere ikayamba kutalika, kapena ikafunika pawiri, imayenera kupatsidwa dzina.