Mfuti Ikulondera Ndani?

Aliyense amene amamasulira nkhani m'Chichewa anapunthwapo pa liwu loti boma. Liwu limodzi lomweli limaimira dziko ndi mabungwe ake, limaimira anthu amene akulamulira lero, limaimiranso tauni imene kuli ofesi ya DC. Achiswahili nawo ali nalo, ndipo kwa iwo boma ndi mpanda wotchingira anthu kapena ziweto. Ndiye tikamati msilikali amateteza boma, tikunena kuti akulondera ndani: amene akhala m'kati mwa mpandawo, kapena tonsefe?

Funsoli si la omasulira okha. Pa 18 Novembala 2017, khamu la anthu linadzaza misewu ya Harare, kukumbatira asilikali ndi kujambulitsa pafupi ndi akasinja. Patatha masiku atatu, Robert Mugabe anatula pansi udindo atalamulira zaka 37. Ambiri anati asilikali abwerera kwa anthu. Koma chaka chisanathe, mkulu wawo, Constantino Chiwenga, anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Pa 1 Ogasiti 2018, m'misewu yomwe ija, asilikali anaombera anthu ochita zionetsero za chisankho, ndipo anthu 6 anafa. Mpanda unali womwe uja. Anangosintha wokhala m'kati.

Amalawife timakonda kunena kuti athu ndi ena, ndipo umboni wathu woyamba ndi Operation Bwezani. Mu Disembala 1993, asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers, gulu la chipani cha Malawi Congress limene linkaopedwa m'dziko lonse, ndipo apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Zimenezi zinathandiza kuti chisankho cha 1994 chichitike popanda mfuti za chipani. Komabe nkhaniyi timaifotokoza mopereweza. Kwa zaka zambiri apayoniya ankazunza anthu osowa khadi la chipani, asilikali ali phee m'mabalaki. Anadzuka pamene apayoniya anapha asilikali anzawo awiri ku Mzuzu. Zotsatira zake zinakomera dziko, koma chimene chinayatsa motowo ndi magazi a mnzawo, osati misozi ya mayi wobwezedwa pa chipata cha msika.

Umboni wolimba uli pa nkhani zina ziwiri zimene sizimveka zaukatswiri. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, nduna zina zinafuna kutsekereza Joyce Banda, yemwe malamulo ankati ndiye alowe m'malo. General Henry Odillo sanalole kuti asilikali agwiritsidwe ntchito imeneyo, ndipo iyenso sanadzitengere mpando. Pa 7 Epulo Banda analumbira. Chisankho cha Meyi 2019 chitautsa mkwiyo, asilikali motsogozedwa ndi General Vincent Nundwe ankaperekeza anthu ochita zionetsero, ndipo ankalondera oweruza amene anathetsa zotsatira za chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020. Mwezi wotsatira Peter Mutharika anamuchotsa Nundwe pa udindo.

Kusiyana kwa Harare ndi Lilongwe sikuli pa kuombera m'manja, pakuti konseko anthu anaomba. Ku Harare asilikali anasankha wolamulira. Ku Lilongwe anakana kusankha. Anatchinjiriza njira kuti malamulo, makhoti ndi mavoti zigwire ntchito, kenako anabwerera ku Kamuzu Barracks. Msilikali amene wakuchotserani wolamulira wankhanza lero waphunzira kuti kuchotsa ndi kuika atsogoleri ndi ntchito yake, ndipo mawa sadzakufunsani.

Chimene chiyenera kutidetsa nkhawa n'chakuti maulendo onse awiriwo tinadalira mtima wa munthu mmodzi, pa udindo umene mtsogoleri wa dziko amapereka ndi kulanda. Mutu umodzi susenza denga. Ngati Nyumba ya Malamulo siifunsa mwamphamvu za kusankhidwa kwa akuluakulu a asilikali ndi za ndalama zawo, ngati msilikali wamba saphunzitsidwa kuti lamulo loombera anthu opanda zida ndi lokanidwa, tidzangodalira mwayi.

N'chifukwa chake ndikamamasulira za ntchito ya asilikali, liwu loti boma ndimalizemba. Ndimalemba kuti amateteza anthu ndi malamulo a dziko. Chiganizocho chimatalika, koma wowerenga sangafunsenso kuti mfutiyo ikulondera ndani.