Ukazembe ndi Machona: Kuunika Mabuku a McMaster ndi Groves

Dera la mafakitale la Belmont mumzinda wa Bulawayo ndi malo oyenera kuyeserapo mabuku awiri okamba za ubale wa Malawi ndi maiko oyandikana nalo. Loyamba ndi la Carolyn McMaster, Malawi: Foreign Policy and Development (1974), ndipo lachiwiri ndi la Zoë Groves, Malawian Migration to Zimbabwe, 1900–1965: Tracing Machona (2020). Funso lathu ndi lakuti: kodi mabukuwa akumuona bwanji Mmalawi amene ankagwira ntchito m'mafakitale ngati a ku Belmont pamene atsogoleri ankasainirana mapangano?

McMaster akuyang'ana nkhaniyi ataima pakhomo la boma. Mphamvu ya buku lake ili pa kufotokoza kuti mfundo za Dr. Hastings Kamuzu Banda zinabadwa mu umphawi ndi kusowa doko. Katundu wa Malawi ankadzera ku Beira, m'manja mwa Apwitikizi, ndipo mu 1970 njanji yolumikiza dziko ku Nacala inatsegulidwa. Mkangano wa nduna wa mu 1964, umene unachotsa Kanyama Chiume pa unduna woona za maiko akunja, unakhudzanso za ubale ndi Portugal ndi China. Kuchokera apo mawu a Malawi kunja anali mawu a munthu mmodzi. Mu 1967 Malawi inakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la South Africa, John Vorster anadzacheza mu 1970, ndipo Banda anabweza ulendowo mu 1971. Ngongole yomangira likulu ku Lilongwe inachokera komweko.

Kufotokoza kotere n'kolongosoka, koma kuli ndi malire ake. Pamene boma ndilo mwini nkhani, wapaulendo amasanduka chiwerengero cha ndalama zotumizidwa kumudzi. Chonsecho m'chaka chomwe bukuli linatuluka, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, ndipo Banda anaimitsa kalembera wa anthu opita ku Joni. Apa zinaoneka poyera kuti thupi la wantchito linali pakati penipeni pa ukazembe wa Malawi.

Groves akuyambira pansi. Iye akutsata machona, anthu amene anapita ku Halale n'kukhalitsa osabwerera, m'mipingo yao, m'mabungwe ao ndi m'ndale za m'tauni. Akutionetsa kuti anthu a ku Nyasaland sanangopereka thukuta, komanso anathandiza kuumba ndale za Southern Rhodesia, makamaka m'nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Komabe diso lake lili kwambiri pa Salisbury, ndipo wowerenga wa ku Bulawayo atsala ndi ludzu. Mzinda umenewu ndiwo unalandira Robert Sambo wa ku Nyasaland, amene mu 1927 anayala maziko a bungwe la antchito la ICU la Clements Kadalie asanapirikitsidwe m'dzikomo. Kunyanyala ntchito kwa anthu a panjanji mu 1945 ndi kunyanyala kwakukulu kwa mu 1948 kunayambiranso konkuno.

Chofunika kwambiri ndi mpata umene uli pakati pa mabuku awiriwa. Groves akulekezera mu 1965, chaka chimene Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia mosavomerezeka. McMaster akulekezera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Palibe mwa iwo amene akufika mu 2001, pamene kusintha kwa lamulo la unzika ku Zimbabwe kunakakamiza ana a machona kukana unzika wa dziko la makolo ao, limene ambiri anali asanapondemo. Ochuluka anatsala opanda dziko, ziphaso zao zitalembedwa kuti ndi alendo, ndipo anataya ufulu woponya voti. Malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 ndiwo anabwezeretsa unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lao linachokera m'dziko la SADC. Zaka 12 zimenezi ndi muyeso woona wa ukazembe: kodi boma limene linadya ndalama za makolo linawalankhulira motani ana ao?

Funso limeneli likugweranso alembi a Chichewa. Samuel Josia Ntara, m'buku lake Nthondo (1933), anasonyeza kale kuti ulendo wokafuna ntchito kunja ndi nkhani yoyenera kulembedwa m'chinenero chathu. Koma mabuku awiri amene taunikawa ali m'Chingerezi, ndipo anasindikizidwa kutali ndi anthu amene akukambidwamo. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga: McMaster watipatsa mawu a boma, Groves watipatsa mapazi a apaulendo. Ophunzira a m'chigawo chino awerenge mabukuwa pamodzi, kenaka apite ku Makokoba, ku Mzilikazi ndi ku Luveve kukalemba zimene okalamba olankhula Chinyanja akukumbukira, mawu ao asanalowe nawo m'manda.