Mawu Oyesera Buku

Msodzi wa ku Linga sagula ukonde asanaugwire. Amayang'ana maso ake, nakoka mfundo zake kuti aone ngati zili zolimba. Koma munthu yemweyo akaphunzira kuwerenga atakula kale, kawirikawiri amangolandira zonse za m'buku, poyesa kuti chosindikizidwa sichinama. Buku nalonso liyenera kuyesedwa, ndipo alipo mawu oliyesera. Mawuwo ndi maina chabe a zinthu zimene anthu a ku Nkhotakota amazidziwa kale.

Chifanifani ndiko kuyerekeza chinthu ndi chinzake mwa mawu akuti "ngati" kapena "monga". Mayi wa ku Chia akati ana achuluka pabwalo ngati usipa, wanena chifanifani chabwino, pakuti aliyense wa kunyanja anauona usipa uli m'chigulu. Chifanifani chimene womva sachiona m'maso mwake chili chakufa. Umunthu ndiko kupatsa chinthu makhalidwe a munthu, monga ponena kuti mwera wakwiya. Kukokomeza ndiko kukuza nkhani dala. Msodzi wa mu Bua akati anapha mpasa yodzaza bwato lonse, palibe amutcha wabodza, koma palibenso akhulupirira. Wowerenga azichita chimodzimodzi.

Mawu aakulu koposa ndiwo phunzo, ndiye kuti chimene mlembi afuna kuti chitsale mumtima mwa wowerenga. Chitsanzo chake chili m'buku la Nthondo, limene Samuel Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba. Linatuluka mu 1933, ndipo mu 1934 Cullen Young analimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Ntara atsata moyo wa Nthondo kuyambira kubadwa kufikira imfa: mnyamata wosamva ndi wakuba, amene pambuyo pake alowa ufumu natembenuka mtima kukhala Mkhristu. Phunzo lake ndi lakuti munthu woipa angathe kusintha.

Tsono wowerenga wochenjera saima pomwepo. Amafunsa kuti, kodi kusinthako kwachokera m'zimene Nthondo anakomana nazo, kapena mlembi wangomukankha kuti afike kumene iye afuna? Phunzoli lioneka msanga, pakuti mabuku ambiri a mishoni a masiku aja anali kutha motero. Mphamvu yeniyeni ya bukuli ili pa moyo wa pamudzi umene Ntara anaulemba mosamala, miyambo yake ndi mayankhulidwe a akulu, kotero kuti Mchewa powerenga azindikira kwawo. Chifukwa cha zimenezi Nthondo akhala munthu weniweni, osati chikwangwani cha ulaliki.

Chotero wophunzira akatha buku asafulumire kunena kuti nlabwino kapena nloipa. Ayambe wafunsa ngati zifanifani zake zioneka, apatule kukokomeza ndi zoona, ndipo aone ngati phunzo lamera m'nkhani momwemo. Akatero adzatha kufotokozera anzake pa gombe chifukwa chake buku lina liyenera kubwerezedwa, ndi lina ayi.