Zaulere Kapena Zaufulu? Kuunika Mawu Otchulira Mapulogalamu Oteteza Mauthenga

Chiyambi

Mawu a luso la makompyuta akulowa m'Chichewa mofulumira kuposa momwe akatswiri a chiyankhulo akuwaunikira. Ena mwa mawuwa akhazikika bwino, koma ena akusocheretsa anthu. Nkhani ino ikuunika magulu awiri a mawu otere. Gulu loyamba ndi la mawu otchulira mapulogalamu amene pa Chingerezi amati "free software". Lachiwiri ndi la mawu otchulira luso lotchinjiriza uthenga limene amati "encryption". Zitsanzo zikuchokera m'boma la Mulanje, kumene mlimi wa tiyi, wamalonda wa pamsika wa Limbuli ndiponso wogwira ntchito zaumoyo amasunga zinthu zofunika m'lamya zam'manja ndi m'makompyuta. Mfundo yaikulu ndi yakuti dzina la chida choteteza chinsinsi lisalonjeze zimene chidacho sichingathe kuchita.

Gwero la mkangano

M'chaka cha 1983, Richard Stallman wa ku America adalengeza ntchito yotchedwa GNU, ndipo mu 1985 adakhazikitsa bungwe la Free Software Foundation. Cholinga chake chidali chakuti munthu akhale ndi ufulu pa zinthu zinayi: kugwiritsa ntchito pulogalamu monga afunira, kuwerenga malangizo amene amisiri adalemba poipanga, kuigawira anzake, ndi kugawa pulogalamuyo ataikonza. Vuto lidabuka pa dzina. Liwu la Chingerezi lakuti "free" lili ndi matanthauzo awiri: chinthu chosalipira, ndi chinthu chosamangidwa. Anthu ambiri adamva tanthauzo loyambalo, pamene Stallman ankanena lachiwiri.

Mu 1998 amisiri ena adasankha dzina lina, "open source", limene adaliganiza ndi Christine Peterson. Chaka chomwecho Eric Raymond ndi Bruce Perens adayambitsa bungwe la Open Source Initiative. Stallman adalikana dzinali ponena kuti likukwirira nkhani ya ufulu. Padabukanso mkangano wina pa dzina la Linux, pulogalamu imene Linus Torvalds adayamba kulemba mu 1991: ena amati dongosolo lonse lizitchedwa GNU/Linux pofuna kukumbukira ntchito ya GNU. Pothawa liwu losokonezalo, amene adapatuka ku OpenOffice.org mu 2010 adabwereka liwu la Chifalansa ndi Chisipanishi lotanthauza ufulu, n'kutcha pulogalamu yawo LibreOffice.

Ulere ndi ufulu m'Chichewa

Chichewa chilibe vuto limeneli. Ulere ndi ufulu ndi mawu awiri osiyana, ndipo ngakhale mwana wa pulayimale sangawasokoneze. Chipwitikizi, chimene chimamveka ku Milange kutsidya kwa chipata cha Muloza, nachonso chimasiyanitsa "grátis" ndi "livre". Komabe womasulira wapaphuma akaona liwu la Chingerezi lija amathamangira kulemba kuti "pulogalamu yaulere". Potero amalowetsa m'Chichewa chisokonezo chimene sichidalimo.

Kusiyana kwa mawu awiriwa kukuoneka bwino pa WhatsApp, imene amalonda ndi mabanja ambiri ku Mulanje amatumizirana mauthenga. Pulogalamuyi ndi yaulere, pakuti munthu saigula, amangolipira intaneti. Koma si yaufulu, chifukwa malangizo ake onse ali m'manja mwa kampani ya Meta, ndipo munthu wamba saloledwa kuwakonza kapena kuwagawa. Pulogalamu ya Signal ndiyo yaulere komanso yaufulu, popeza malangizo ake ali poyera. Palinso mapulogalamu aufulu amene makampani amagulitsa pamodzi ndi chithandizo chake, monga imachitira kampani ya Red Hat. Motero chaufulu chikhoza kukhala ndi mtengo, ndipo chaulere chikhoza kukhala chomangidwa.

Chitsanzo china ndi DHIS2, pulogalamu yaufulu imene imayang'aniridwa ndi yunivesite ya Oslo. Unduna wa Zaumoyo umaigwiritsa ntchito posonkhanitsa ziwerengero zochokera m'maboma onse, kuphatikizapo Mulanje. Mkulu wokonza ndondomeko ya chuma akauzidwa kuti pulogalamuyi ndi "yaulere", angaganize kuti palibe chowonongera ndalama. Zoona zake n'zakuti makompyuta, magetsi, maphunziro a ogwira ntchito ndi malipiro a amisiri oisamalira zonse zimafuna ndalama. Liwu lakuti "yaufulu" limamuuza zenizeni: dziko likhoza kuisintha kuti igwirizane ndi zosowa zake popanda kupempha chilolezo kwa mwini kampani.

Chifukwa chake ufulu ukukhudza chinsinsi

Ena angadabwe kuti pulogalamu yoteteza chinsinsi ingakhale bwanji ndi malangizo ali poyera. Yankho lidaperekedwa kale mu 1883 ndi Auguste Kerckhoffs, amene adaphunzitsa kuti chitetezo cha uthenga chizidalira kiyi yekha, osati kubisa njira yotetezera. Mmisiri wa maloko sabisa kapangidwe ka loko. Chimene mwini nyumba amasunga ndi kiyi. Malangizo akakhala poyera, akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana amatha kufufuza ngati mulibe khomo lamseri. Mutu umodzi susenza denga.

Phil Zimmermann adatulutsa pulogalamu ya PGP mu 1991, ndipo Werner Koch wa ku Germany adatulutsa GnuPG mu 1997 kuti pakhale chida chaufulu chogwira ntchito yomweyo. Komabe ufulu si chitsimikizo chakuti mulibe cholakwika. Mu 2014 mudapezeka cholakwika chachikulu chotchedwa Heartbleed m'pulogalamu ya OpenSSL, chitakhalamo pafupifupi zaka ziwiri. Choncho womasulira asalembe "yodalirika" kapena "yotetezeka" pamalo pa "yaufulu". Kuteronso ndi kulonjeza zopitirira.

Kubisa, kuloka ndi kuzimbaitsa

Liwu limene limabwera msanga pofotokoza "encryption" ndi lakuti kubisa. Liwuli lili ndi chilema. Chinthu chobisika sichioneka, ndipo anthu sadziwa kumene chili. Uthenga wotetezedwa mwa njirayi umaoneka ndithu pamene ukuyenda, kungoti mawu ake samveka. Kuyambira mu Epulo 2016, mauthenga a pa WhatsApp amatetezedwa kuchokera pa lamya ya wotumiza kufika pa lamya ya wolandira, pogwiritsa ntchito njira imene adakonza amisiri a Signal. Ngakhale zili choncho, kampani ikhoza kudziwa nambala zimene zikulumikizana ndi nthawi yake. Wogwira ntchito zaumoyo wa ku Chisitu kapena ku Chonde akauzidwa kuti uthenga wake "wabisika", angaganize kuti palibe chotsalira. Chonsecho uthengawo uli poyera pa lamya yake ndi ya mnzake, ndipo aliyense wobwereka lamyayo akhoza kuwerenga dzina la wodwala ndi matenda ake.

Liwu lina ndi lakuti kuloka, limene lafala kale pakati pa eni lamya. Nalonso silikwanira, pakuti anthu amaligwiritsa ntchito ponena za kutseka lamya kuti wina asaitsegule, pamene luso limene likunenedwa pano limasintha uthenga weniweniwo.

Chichewa chili ndi liwu loyenera kwambiri, lakuti kuzimbaitsa. Akuluakulu akamayankhula mozimbaitsa, ana amamva mawu onse koma tanthauzo limawadutsa. Umu ndi momwe lusoli limagwirira ntchito: uthenga umamveka kwa yekhayo amene ali ndi chomasulira. Pali kusiyana kumodzi koyenera kukuzindikira. Chining'a munthu wochenjera amatha kuchitulukira, pamene uthenga wozimbaitsidwa bwino pa kompyuta sumasulika popanda kiyi. Pachifukwa ichi mawu athunthu akhale akuti "kuzimbaitsa ndi kiyi". Kubwezera uthenga mwakale kutchedwe "kumasula", osati "kumasulira", popeza liwu lachiwirili lili kale ndi ntchito yake pakati pa ziyankhulo.

Makiyi awiri

Mu 1976 Whitfield Diffie ndi Martin Hellman adafalitsa njira yogwiritsa ntchito makiyi awiri, mmodzi wopatsa anthu onse ndi wina wosunga mwini. Kumasulira liwu ndi liwu kumabala mawu akuti "kiyi wa aliyense". Kwa munthu amene amakhoma golosale yake pa Chitakale madzulo aliwonse, mawuwa ndi opanda nzeru, pakuti kiyi wopatsa aliyense sateteza kanthu. Pophunzitsa, n'kwabwino kufanizira woyambayo ndi loko wotsegula amene mwini amagawira anzake. Aliyense akhoza kukhoma bokosi ndi lokoyo, koma wotsegula ndi mwini kiyi yekha.

Fanizoli lili ndi malire. Makiyi omwewa amagwiranso ntchito yotsimikizira amene walemba uthenga, ndipo pamenepo chifaniziro choyenera ndi chidindo. Motero m'mabuku mukhale mawu akuti "kiyi wogawa" ndi "kiyi wa mwini", ndipo loko ndi chidindo zikhale zothandizira kufotokoza.

Mawu amene adakhazikika bwino

Mawu akuti "nambala yachinsinsi", amene adafala ndi mabanki komanso ntchito za Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndi chitsanzo cha mawu opangidwa bwino. Amatchula chinthucho, n'kuperekanso langizo nthawi yomweyo: chinsinsi sauza munthu wina. Mawu a kuzimbaitsa ayenera kuyesedwa ndi muyeso womwewu, wakuti womva adziwe chochita.

Nkhaniyi ikukhudzanso malamulo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limafuna kuti opereka ntchito za kuzimbaitsa mauthenga alembetse ku bungwe la MACRA, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 limaika udindo pa onse osunga mbiri za anthu. Kalaliki wa pa esiteti ya tiyi amene amasunga maina ndi malipiro a antchito sangatsate lamulo limene mawu ake sakuwamva.

Dzina la chiyankhulo

Achichewa sangaseke mikangano ya amisiri a makompyuta, pakuti chiyankhulo chawo chili ndi maina awiri. Msonkhano wa chipani cha Malawi Congress wa 1968 udasankha dzina lakuti Chichewa, pamene ku Zambia ndi ku Mozambique amati Chinyanja. Likulu loona za ziyankhulo la Centre for Language Studies, limene lidalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, lidatcha buku lake lotanthauzira mawu Mtanthauziramawu wa Chinyanja. M'makompyuta chizindikiro cha chiyankhulochi ndi chimodzi, "ny". Kutanthauza kuti liwu limene lalowa m'pulogalamu lidzawerengedwa ku Mulanje, ku Milange ndi ku Chipata komwe. N'chifukwa chake mawu ochokera m'chiyankhulo chenichenicho, monga ufulu, chinsinsi ndi kumasula, aposa mawu obwereka amene mbali imodzi yokha ya malire imawadziwa.

Mawu otsiriza

Kuunikaku kukusonyeza kuti omasulira, aphunzitsi ndi aulutsi a pa wailesi angachite bwino kutsata izi. "Pulogalamu yaufulu" isiyanitsidwe ndi "pulogalamu yaulere" nthawi zonse. "Kuzimbaitsa ndi kiyi" kulowe m'malo mwa "kubisa", ndipo "kumasula" kukhale kubwezera uthenga mwakale. Makiyi awiri aja atchedwe "kiyi wogawa" ndi "kiyi wa mwini". Mawuwa asanalowe m'mabuku a sukulu, ayambe ayesedwa pakati pa alimi, amalonda ndi azaumoyo a m'madera monga Mulanje, kumene Chichewa chimakhalira limodzi ndi Chilhomwe ndi Chiyao. Wofufuza afunse funso limodzi kwa aliyense womva liwulo: kodi ndani angawerenge uthenga umenewu, nanga ndani sangauwerenge? Liwu limene likupangitsa anthu kuyankha molondola ndilo loyenera kusungidwa.