Bilimankhwe wa Pico ndi zilombo za ku Mua

M'chaka cha 1486, mnyamata wa ku Italy wa zaka 23, Giovanni Pico della Mirandola, analemba mawu otsegulira mtsutso umene ankafuna kuchititsa ku Rome pa mfundo zake 900. Papa Innocent VIII anauletsa mtsutsowo, ndipo mfundo 13 zinapezeka zokayikitsa. Mawuwo anasindikizidwa mu 1496 mwini wake atamwalira kale, ndipo lero amadziwika ndi dzina loti Oration on the Dignity of Man. Ambiri amawatenga ngati mtima wa nyengo imene anthu a ku Ulaya anafukulanso mabuku ndi luso la Agiriki ndi Aroma akale, n'kuyamba kuona munthu ngati chinthu choyenera kuchiphunzira. Ndime zake zoyambirira zimamveka mwina ukaziwerengera kuno kunsi kwa mapiri a Dedza.

Pico sayamba ndi Baibulo. Mboni yake yoyamba ndi Mwarabu wina dzina lake Abdallah, yachiwiri ndi Hermes Trismegistus, amene pa nthawiyo ankamuyesa mkulu wanzeru wa ku Iguputo wakale. Onse awiri akuvomerezana kuti palibe chodabwitsa kuposa munthu. Mkhristu waitana anthu a kunja kwa mpingo kuti amuikire umboni, ndipo watero mwadala, poti kwa iye nzeru za makolo a mitundu ina sizinali zotaya.

Kenako akusimba chilengedwe m'njira yakeyake. Mulungu atamaliza kumanga dziko anafuna wina woti aziliyang'ana n'kumasirira kukongola kwake. Koma nkhokwe inali itatha, cholengedwa chilichonse chitalandira kale malo ndi chikhalidwe chake. Tsono anaika Adamu pakati pa dziko wopanda malo akeake ngakhale nkhope yokhazikika, namupatsa mbewu za moyo wa mtundu uliwonse. Imene aisamale ndiyo imere. Akhoza kutsika n'kusanduka chinyama, akhozanso kukwera n'kufanana ndi angelo. Pamenepa Pico akumutcha munthu bilimankhwe, ndipo akutero momutamanda.

Mchewa akamva zimenezi ayamba waima kaye. M'nthano ya ku Kaphirintiwa, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka munthu atapeka moto. Tchire linapsa, nyama zinathawa ndi mkwiyo, bilimankhwe anakwera mumtengo, ndipo Chauta anachoka pa ulusi wa kangaude. Luso lomwe Pico akuliimbira m'manja, loti munthu amadzipangira yekha njira, kwathu kuno ndi limene linabalalitsa mudzi woyamba ndi kubweretsa imfa. Makolo athu sanakane kuti munthu ndi wanzeru. Anangofunsanso kuti nzeruyo yapweteka ndani.

Funso limeneli m'ndime za Pico mulibe, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana naye. Adamu wake ali yekhayekha. Alibe mayi, alibe malume, alibe namkungwi, alibe bwalo lomuweruza. Akatsika kukhala chinyama, wataya ndi iye mwini, palibenso wina wolira. Ife timati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Gule wamkulu amadziwa bwino lomwe kuti munthu amatsika: pali zilombo zoonetsa chidakwa, wachiwerewere, waumbombo ndi wodzikuza. Koma zimatuluka kudambwe kudzavina pamaso pa mudzi wonse, amayi akuvomera nyimbo, kuti khalidwe loipalo lionekere poyera ndi kudzudzulidwa. Ndipo Kasiyamaliro akabwera pa mwambo wa maliro, nyama, mizimu ndi anthu zimakumananso pa bwalo limodzi, monga zinalili moto usanabuke.

Komabe kulimba mtima kwa Pico, kotola nzeru zimene mpingo unkaziopa, kuli ndi mnzake ku Mua. Mishoni ya kumeneko anaitsegula Abambo Oyera mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri ansembe ndi anyau ankalimbana kwambiri, makamaka pa nkhani ya ana asukulu, monga analembera Ian Linden m'buku lake la mu 1974. Pamalo pomwepo, mu 1976, Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anadzatchedwa a Chisale, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni, kumene osemasema a m'deralo anayamba kusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope za kuno kwathu. Nyumba yosungira zakale ya Chamare, yomwe ili pamalopo, lero ili ndi zigoba za gule mazanamazana, ndipo mu 2005 UNESCO inalengeza gule wamkulu kukhala chimodzi mwa chuma cha mtundu wa anthu onse.

Kusiyana kwake n'kwakuti Pico ankafukula mabuku a anthu amene anafa kalekale, pomwe gule sanafe. Ng'oma zikulirabe ku Golomoti ndi ku Mtakataka, ndipo eni ake alipo oti n'kuwafunsa. Aphunzitsi a mbiri yakale m'sukulu za sekondale za kuno, mukafika pa mutu wa nyengo ya Pico, awerengereni ana ndime zimenezi, kenako muwatengere ku Chamare akayankhe okha ngati Adamu wopanda mudzi uja ali munthu wathunthu.