William Carnegie m'buku la mwana wake

Buku la mbiri ya moyo wa Andrew Carnegie, limene analemba yekha, linatuluka mu 1920, mwiniwake atamwalira chaka chapitacho. Ambiri amaliwerenga pofuna kudziwa momwe mnyamata wosauka wa ku Dunfermline ku Scotland anasandukira mpondamatiki wa zitsulo ku America. Ine mitu yake yoyambirira ndimaiwerenga ndikufunafuna munthu wina: bambo ake, William Carnegie, mmisiri woomba nsalu amene anawoloka nyanja mu 1848 ali ndi zaka 43. Aliyense amene akutsata mbiri ya kholo lake lomwe linasamuka kwawo ndi luso la manja basi angaphunzire zambiri poona momwe mwanayu anawalembera bambo ake, makamaka pamene anangodutsapo mothamanga.

Mutu woyamba ukuyamba ndi nyumba. Andrew anabadwa pa 25 November 1835 m'kachipinda ka m'denga, m'kanyumba ka pamphambano ya Moodie Street ndi Priory Lane. William akutchulidwa pomwepo, ndi ntchito yake: ankaomba nsalu za damask, zija za patebulo zokhala ndi maluwa olukidwa mu ulusi momwemo. Kenako wolemba akuwasiya n'kuthamangira kwa agogo. Agogo a kuchimuna, a Andrew, anali munthu wanthabwala wa ku Patiemuir. Agogo a kuchikazi, a Thomas Morrison, anali munthu wa ndale ndi zolembalemba, mnzake wa William Cobbett, ndipo iwowa apatsidwa malo ambiri chifukwa mdzukuluyo ankakhulupirira kuti anafanana nawo kwambiri, ngakhale polankhula pagulu. Bambo ake atsala pakati, ngati mlatho wongowolokerapo.

Komabe mayina okhawo ali ndi nkhani. Mwana woyamba anatchedwa Andrew, dzina la bambo a William. Wachiwiri wamwamuna anatchedwa Thomas, dzina la bambo a Margaret Morrison, mayi wa anawo. Umu ndi momwe mabanja ambiri a ku Scotland ankatchulira ana: mwana wamwamuna woyamba dzina la agogo a kuchimuna, wachiwiri la agogo a kuchikazi. Wofufuza mbiri ya banja amagwira pamenepa, chifukwa boma la Scotland linayamba kulemba m'kaundula obadwa, okwatirana ndi omwalira mu 1855. Zam'mbuyo zonse zili m'mabuku a matchalitchi, ndipo m'tauni imodzi mumatha kukhala anthu angapo a dzina limodzi, onse oomba nsalu. Mayina a ana ndi amene amathandiza kusiyanitsa William uyu ndi William uja, ngakhale si mabanja onse amene ankatsata mwambowu.

Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pa kugwa kwa ntchito. Wolemba akunena kuti zinthu zitayamba kuyenda, banjali linasamukira m'nyumba yaikulupo ku Reid's Park, ndipo pansi pake panali makina oombera pamanja anayi kapena asanu. Chiwerengero chimenechi musachidumphe. Munthu mmodzi sangaombe pa makina asanu. Ndiye kuti William anali ndi anthu omugwirira ntchito. Sanabadwe wopempha. Anali mmisiri amene anakwera, kenako makina oyendera nthunzi anabwera n'kumutsitsa. Apa mwana akuweruza bambo ake ndi chiganizo chachifupi, kuti sanazindikire kusintha kumene kunkabwera ndipo anakakamira njira yakale. Chiganizo chotsatira chikupereka chiwongolero kwa mayi: iwo ndi amene anatsegula kagolosale ku Moodie Street n'kusunga banja. Kuchokera pamenepo, yang'anani amene akuchita zinthu m'nkhaniyi. Mayi akutsegula, akugulitsa, akusoka. Bambo akunyamula nsalu yomaliza kupita nayo kwa mwini fakitale, ndipo banja likudikira kuti limve ngati awapatsa ntchito ina kapena ayi.

Chiweruzo chimenechi chimandiwawa, ndipo ndikuona kuti sichokwanira. Kodi William akanazindikira msanga, akanatani? Woomba wa makina asanu analibe ndalama zomangira fakitale. Amisiri anzake ambirimbiri a ku Dunfermline anagwa naye limodzi. Amene akulemba mawuwa ndi munthu wokalamba yemwe chuma chake anachipeza pothamangira makina atsopano anzake asanawaone, ndiye n'zosadabwitsa kuti kulephera kwa bambo ake akukuona ngati vuto la maso.

Za kusamukako, buku silinena amene anagamula. Likungoti anthu analembera makalata abale awiri a mayi amene anali kale ku Pittsburgh, mayankho anabwera olimbikitsa, ndipo zinagamulidwa kuti makina ndi mipando zigulitsidwe pa okushoni. William akuoneka akuimbira banja lake nyimbo yotamanda dziko la kumadzulo. Makinawo anapita pa mtengo wolira. Ndalama ya ulendo inaperewera ndi mapaundi 20, ndipo amene anabwereketsa anali mnzawo wa mayi wa paubwana, Mayi Henderson. Amalume a Morrison ndi George Lauder analonjeza kuti akalephera kubweza, alipira ndi iwo. Njira yonse ya ulendowu inadutsa kuchikazi. Wofufuza amene akungotsata dzina la Carnegie m'mapepala sangamvetse chifukwa chimene mmisiri wa nsalu za damask anapitira ku dera la utsi wa malasha ndi zitsulo. Yankho lili m'dzina la Morrison.

Ulendo wokha walembedwa bwino, ndi zinthu zoti munthu angakazifufuze: kunyamuka ku Dunfermline pa 17 May 1848, sitima ya matanga yotchedwa Wiscasset kuchokera ku Glasgow, masabata 7 panyanja, kenako kuchokera ku New York kudzera ku Buffalo, Lake Erie, Cleveland ndi Beaver, masabata ena atatu. Anakafikira ku Rebecca Street ku Allegheny. Allegheny inali tauni payokha mpaka 1907 pamene inalowa mu Pittsburgh, choncho wosaka banjali m'kalembera wa anthu wa 1850, woyamba ku America kulemba dzina la mfulu aliyense m'nyumba, ayenera kusaka pa dzina lakalelo.

Ku America William anayambanso kuomba nsalu za patebulo, koma panalibe wamalonda wozigula zambiri nthawi imodzi, moti ankayenda nazo yekha khomo ndi khomo. Margaret ankasoka nsapato za mmisiri wina, a Phipps, mpaka usiku, kupeza madola 4 pa sabata. William anakalowa ntchito m'fakitale ya thonje ya a Blackstock, munthu wa kwawo, ndipo Andrew analowa naye, kumalandira $1.20 pa sabata. Posakhalitsa bamboyo anabwerera ku makina ake a pamanja. Buku silikhalitsa pamenepa, koma ine ndikuona munthu amene anazolowera kuyamba nsalu ndi kuimaliza yekha akulephera kupirira belu la fakitale.

Malo amodzi okha wolemba akuima n'kuwayang'anitsitsa bambo ake. Andrew anali atatumizidwa ku Steubenville kukagwira ntchito ya telegalafu madzi osefukira atadula mawaya. Anamva kuti bambo ake akutsika mtsinje wa Ohio kukagulitsa nsalu ku Wheeling ndi ku Cincinnati, ndipo anapita kukawadikira padoko. Sitima inafika usiku. Anawapeza atakhala panja, pamalo a okwera motchipa, chifukwa sanafune kulipira chipinda. Mnyamatayo anapsa mtima kuti munthu wabwino chotere akuyenda movutika, nawalonjeza kuti tsiku lina adzayenda pa ngolo yawoyawo. Bamboyo, munthu wamanyazi amene sankayamikira mwana pamaso, anamugwira dzanja n'kumuuza kuti amamunyadira, misozi ili m'maso. Ngoloyo sanaikwere. William anamwalira pa 2 October 1855, mwana wake asanakwanitse zaka 20.

Chinthu china chokhudza William chabisala kutsogolo, pamene wolemba akufotokoza za mabuku amene Colonel James Anderson ankabwereketsa anyamata ogwira ntchito ku Allegheny. Pamenepo akutchula kuti bambo ake anali mmodzi mwa oomba nsalu asanu amene anasonkhanitsa mabuku awo ochepa n'kuyambitsa laibulale yobwereketsa ku Dunfermline. Nkhaniyi yaikidwa pamenepo kuti ikhale muzu wa malaibulale amene Andrew anadzamanga, kuyambira ya ku Dunfermline komweko imene mayi ake anaikira mwala wa maziko mu 1881. Anzake anayi a William sanatchulidwe mayina, ndipo wofuna kudziwa amene mmisiriyu ankacheza nawo, zimene ankawerenga ndi zimene ankakangana akaweruka, ayenera kuyambira kusaka anthu anayi amenewo m'zolembedwa za tauniyo.